Agogo akagwa tisamangoti ndi ukalamba basi

Abale anga aku Thyolo ndi Mulanje tiyeni tiziwayang'anira agogo athuwa makamaka nthawi ya chiperoni ndi dzinja, paja kwathu kuno nkwa zitunda ndipo dothi lija likangonyowa ngakhale mnyamata amatsetsereka, nanji munthu wa zaka 70. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse padziko lonse chifukwa chogwa, ndipo opitilira zaka 60 ndamene amafa kwambiri.

Nde nthawi zambiri pamakhala chomwe chawagwetsa. Ena ndi ng'ala, sakuonanso bwino pomwe akuponda koma iwo sanena, pomwe ng'ala amaichotsa kuchipatala munthu nkuyambanso kuona. Ena ndi mankhwala a BP, akadzuka pamphasa mwachangu mutu umachita chizungulire, apa musawasiyitse mankhwala ayi, kawafotokozereni adokotala, komanso aziyamba akhala kaye tsonga asanaimilire. A shuga mapazi amachita dzanzi. Za kachasu sindichita kunena.

Koma pomwe pamavuta zedi ndi usiku popita kuchimbudzi, mdima, njira yoterera, iwo ali changu. Aguleni katochi, kapena muziwaikira kandowa mnyumba, palibe chamanyazi. Mwala wakubafa uja ukachita ndere ukwecheni, mapatapata akutha aja atayeni, ndodo ikhale pafupi.

Amayi akasiya kusamba mafupa amayamba kufooka ndiye kugwa pang'ono pokha fupa la mchiuno limatha kuthyoka. Mukaona agogo akulephera kuimilira, mwendo umodzi ukuoneka waufupi ndipo phazi latembenukira kunja, musataye nthawi ndi kuthowa kapena kuukoka mwendowo, musawakwezenso pa kabaza, pezani galimoto apite ku chipatala cha boma ku Thyolo kapena Mulanje, kaya ku Malamulo, kaya Mulanje Mission. Akangogona mnyumba masabata nde mavuto amabwera ndi zilonda zapamsana komanso chibayo, ambiri zimawatenga ndi zimenezi.

Akamenyetsa mutu muziwaonetsetsa ngakhale anene kuti ali bwinobwino, magazi amatha kumadontha pang'onopang'ono mkati, pakapita masiku kapena masabata munthu nkuyamba kusokonezeka, kugonagona, kusanza, mbali imodzi kufooka. Zimenezo sizolodzedwa, thamangirani nawo kuchipatala.

Komanso musawaletse kuyenda poti anagwapo, kungokhala pakhonde tsiku lonse miyendo imatheratu mphamvu ndipo mpomwe amadzagwanso. Azisesa pabwalo, azipita kutchalitchi, bola pakhale mdzukulu wowaperekeza.