Mafunso ndi mayankho pa kasamalidwe ka mabwalo a masewero a boma mu Blantyre

Popeza madandaulo okhudza kutsekedwa kwa mabwalo, zimbudzi zosagwira ntchito komanso ndalama zolipira achuluka, ofesi yoona zamasewero yasonkhanitsa mafunso amene akuluakulu a matimu, aphunzitsi ndi ochemerera akhala akubwera nawo.

Kodi mabwalo onse mu Blantyre ndi a boma?

Ayi. Bwalo la Kamuzu ku Chichiri ndi la boma, pansi pa unduna woona zamasewero, pomwe la Mpira ku Chiwembe ndi la FAM, bungwe loyendetsa mpira wamiyendo m'Malawi.

Anthu amalipira pachipata mlungu uliwonse. Nanga ndalamazo zimapita kuti, poti bwalo silisintha?

Funsoli ndi limene limabwera kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri limabwera ndi mkwiyo. Choyamba, ndalama za pachipata si zonse zimene zimakhala za mwini bwalo. Amayamba achotsapo zolipira apolisi, ogulitsa matikiti ndi ena ogwira ntchito patsikulo, kenaka zotsalazo amagawana matimu awiri amene asewera, mabungwe oyendetsa masewero ndi mwini bwalo. Chachiwiri, chimene ambiri sachidziwa, n'chakuti gawo la boma silikhala m'kabati ya woyang'anira bwalo kuti mawa agulire penti kapena mapaipi. Mwa lamulo, ndalama zimene nthambi ya boma yatolera zimapita kuthumba lalikulu la boma, lija limatchedwa Account Number One, pokhapokha nthambiyo italoledwa mwapadera kusungako zina. Ndalama zokonzera bwalo zimabwera kudzera mu bajeti imene Nyumba ya Malamulo yavomereza, ndipo chaka cha boma tsopano chimayamba pa 1 Epulo. Choncho n'zotheka kuti bwalo lidzaze pamasewero a Bullets ndi Wanderers Loweruka, koma Lolemba ofesi n'kukhala ilibe yolipirira madzi ndi magetsi. Sitikunena kuti dongosololi ndi langwiro, koma si ofesi ino imene inaliika, ndipo ilibe mphamvu zolisintha.

Ngati bwalo ndi la boma, bwanji sukulu ndi matimu ang'onoang'ono amalipitsidwa?

Chifukwa aliyense wolowamo amagwiritsa ntchito madzi, zimbudzi ndi antchito osesa. Pempho lochepetserako mtengo likhoza kuganiziridwa ngati lalembedwa m'kalata nthawi ikadalipo, koma kulemba kalata sikutanthauza kuti pempho lavomerezedwa. Pamene masiku awombana, masewero a ligi ndi zochitika za boma kawirikawiri ndi zimene zimatsogola, ndipo tikudziwa kuti matimu a achinyamata ndi a amayi ndiwo amavutika kwambiri ndi zimenezi. Aliyense wolipira aumirire kulandira lisiti ya boma.

Kodi kapeti si yosafuna chisamaliro?

Imafuna. Udzu wochita kupangawu suthiriridwa ngati kapinga, koma umafunika kupesedwa ndi makina kuti usagone, ndiponso timibulu ta mphira tokhala pakati pake timatha ndipo timayenera kuwonjezeredwa. Mipando, nsanja za oimba, zidendene zosongoka za nsapato ndi galimoto zimaung'amba, n'chifukwa chake okonza mapemphero, misonkhano ndi zoimbaimba amauzidwa kuyalapo zotchinga. Kapeti ya pa Kamuzu inasinthidwa mu 2018 itatheratu, ndipo ntchitoyo inachititsa kuti bwalo litsekedwe kwa nthawi yaitali, matimu a mu Blantyre n'kumakasewerera kwina.

Kodi n'zoona kuti bwalo la Kamuzu silikwanira pamuyeso wa CAF, bungwe loyendetsa mpira wamiyendo mu Africa?

N'zoona kuti masewero a Flames akhala akuchitikira ku bwalo la Bingu ku Lilongwe, limene linatsekulidwa mu 2017, ndipo n'zoonanso kuti masitandi ena pa Kamuzu anatchingidwa atapezeka kuti ndi ofooka. Bwaloli ndi lakale, la m'nthawi ya atsamunda, pamene linkatchedwa Rangeley. Kulimbitsa masitandi otere si ntchito yokonza apa ndi apo. Ndi chitukuko chofuna ndalama zakezake, ndipo chiganizo chake chimachokera kulikulu.

Mpanda kapena mageti akathyoledwa pamasewero, alipire ndani?

Kawirikawiri ndi amene anabwereka bwalo, kapena timu imene ochemerera ake apezeka olakwa ndi oyendetsa mpikisanowo. Pofuna kupewa kukanirana, obwereka ayendere bwalo limodzi ndi woyang'anira asanayambe ndiponso akamaliza, ndipo onse asayinire zimene apeza.