Kasinja wanu sanatoledwe pamtaya, lekani kumupaka dzimbiri

Pafupifupi aliyense amene wangoyamba kulumikiza tiakasinja ta pulasitiki amagwa m'mbuna imodzi. Akamaliza kupenta amaona chinthucho chikuwala ngati chidole cha ana, ndiye amatenga penti wofiirira n'kuyamba kudontheza paliponse: pamzinga, pamutu, pamawilo, mpaka pachitseko chimene asilikali amalowera tsiku ndi tsiku. Ukafunsa, yankho ndi lomwe lija: "Ndi wa kunkhondo, akuyenera kuchita dzimbiri." Yankho limeneli landikwana.

Kasinja amene ali pantchito amakhala ndi eni ake. Kasinja wa mtundu wa T-55 amayenda ndi asilikali anayi, ndipo pamene sakumenyana, ntchito yawo ndi kupukuta, kuthira girisi ndi kupakanso penti pamene pasupuka. Ife a ku Salima tilibe chowiringula, sukulu ya asilikali ya MAFCO ili pakhomo pompano. Galimoto za asilikali zikamadutsa pa Kamuzu Road, munaonapo yofiira ndi dzimbiri kuyambira kumutu mpaka kumchira? Chimene chimaoneka ndi fumbi. Fumbi m'munsi, fumbi m'makona, ndi madontho akuda pamene mafuta atayikira.

Dzimbiri lili ndi malo ake, ndipo ndi ochepa: paekizozi pamene moto umapsereza penti, pazidutswa zapadera za tcheni yoyendera kasinja zomangirira pathupi, ndi pachingwe chachitsulo chokokera. Pa T-55 utsi umatulukira mbali ya kumanzere, choncho mbali imeneyo ikhale ndi mwaye wakuda wa dizilo. Matanki a mafuta ali kumanja, pamwamba pa tcheni, ndipo kumeneko n'koyenera timizere ta mafuta tomwe tagwira fumbi. Tcheni yeniyeniyo, pamene imaponda pansi ndi pamene imakhulana ndi mawilo, imawala ngati khasu la m'dzinja. Pakani nsonga ya pensulo ya 2B m'mphepetemo n'kupukuta ndi chala, basi. Ndipo amene mukumanga M113, galimoto yankhondo yonyamula asilikali, chonde, thupi la galimoto imeneyo ndi la aluminiyamu. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira.

Vuto lachiwiri ndi masamu. Sikelo ya 1/35, imene kampani ya Tamiya ya ku Japan inaitchukitsa, imatanthauza kuti chilichonse chimene mwaika pakasinjayo diso limachikulitsa ka 35. Munthu wa mamita 1.75 amangokhala masentimita 5. T-55 yense ndi mzinga wake, pafupifupi mamita 9, amakwana pa masentimita 26. Tsono kamchenga ka milimita imodzi kamene mwatapa ku Senga Bay kakuimira mwala wa masentimita atatu ndi theka. Mukamwaza mchenga umenewo pakasinja, mwamukwirira ndi miyala ya konkire.

Dothi lathu ndi labwino, koma lisefedwe. Sankhani malingana ndi kumene kasinja wanu akuyenda: makande akuda ngati a m'madambo a ku Lifuwu, katondo wofiira ngati wa kumtunda ukamakwera kupita ku Dowa, kapena dothi lotuwa la m'mbali mwa nyanja. Liumitseni, likazingeni pachiwaya mphindi 15 kuti mazira a tizilombo ndi chuku zife, lisinjeni, lidutse pasefa ya tiyi, kenako pasokosi yopyapyala ya amayi. Zotsala pasefa ndi miyala ya pabwalo loikapo kasinja wanu. Zodutsa pasokosi, zosalala ngati ufa woyera, ndizo fumbi la pakasinja. Liikeni ndi bulashi youma kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba, lichepe pamene mukukwera, kenako ligwiritseni pokhudza pambali pake ndi kadontho ka white spirit, madzi osungunulira penti wa oil, kuti kayende kokha. Osasisita. Matope ndi masupuni awiri a dothi lomwelo, supuni imodzi ya guluu woyera wa matabwa, madzi pang'ono, ndi tizidutswa ta khonje. Matopewo akhale kuseri kwa mawilo ndi pansi pa madigadi, osati padenga.

Pali T-55 mmodzi amene sandichoka m'mutu. Anamumanga mnyamata wa sekondale, bokosi lake atamugulira mbale wake ku Johannesburg. Ankafuna kusonyeza nkhondo ya ku Mozambique ya pakati pa 1977 ndi 1992, ganizo labwino chifukwa akasinja a mtundu umenewu analikodi kumeneko, ndipo m'midzi yathu muli akuluakulu amene amakumbukira othawa nkhondoyo. Manja anali nawo. Mzinga, umene umabwera mbali ziwiri zomata, anaukwecha ndi sandipepa mpaka msoko osaonekanso, chinthu chimene chimagonjetsa akuluakulu ambiri. Kenako anamupaka dzimbiri thupi lonse n'kumuwaza mchenga wosasefa. Mpaka pamenepo zinali zokonzeka. Penti anali wa acrylic, ndipo sipiriti wa pepo uja wa kufamase ndi mswachi wakale zikanachotsa zonse m'madzulo amodzi. Koma anapita kwa munthu wopenta maminibasi, amene anamuuza molimba mtima kuti thina amachotsa penti aliyense, n'kumupatsa m'kabotolo. Thina wa galimoto amasungunula pulasitiki wa mtundu umenewu. Timabawuti tonse tinafafanizika, mutu wa kasinja unatsala ngati kandulo yosungunuka, zidindo za zala zili pompo. Chotero sichikonzeka, ndipo bokosi lina silipezeka pagolosale.

Wopenta galimoto amadziwa chitsulo, kalipentala amadziwa thabwa. Akakulangizani za pulasitiki, alemekezeni, koma musachite. Petulo, thina, ndi mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo zisayandikire kasinja. Mafuta a mabuleki, amene ena amawatama pa YouTube, amachotsadi penti, koma amatha kusiya pulasitiki ali wosalimba, n'kudzathyoka mochedwa pamene inu mwaiwala chifukwa chake. Chilichonse chachilendo muyambe mwachiyesa pachimango chija chimene zidutswa zimabwerapo, n'kudikira mpaka mawa. Chimangocho musamataye.

Ngakhale white spirit amene ndamutchula amafuna ulemu. Pofuna kuti mabawuti ndi mizere zioneke, penti wa pansi akhale wa acrylic, aume tsiku lathunthu, apakidwe vanishi wowala wa acrylic, nayenso aume. Kenako sungunulani penti wa oil wa bulauni wodera, kukula ngati njere ya mpunga, m'kachitsekerero ka botolo kodzaza white spirit. Khudzani ndi nsonga ya bulashi pabawuti, pentiyo adzizungulira yekha. Pakatha mphindi 10 kapena 15 pukutani wosefukira ndi bulashi yonyowa pang'ono. Amene amamusambitsa kasinja yense amadabwa mawa lake atapeza mawilo atagwa ndi tcheni itaduka, chifukwa madziwo amalowa m'malo olumikizira n'kung'alula pulasitiki pamene pali pothina. Masitika a manambala nawonso amamatidwa pavanishi wowala yemweyo. Pa penti wosawala amatsekera mpweya kunsi n'kumaoneka ngati siliva m'mbali.

Malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa ndi anthu a kumayiko ozizira, choncho za nyengo yathu muzidziwerengera nokha. Mu Okutobala ndi Novembala, penti wopopera amaumira m'malere asanafike pakasinja, n'kutera ngati sandipepa. Poperani mamawa dzuwa lisanakwere, panja, chitini chili masentimita 20 mpaka 25 kuchokera pachinthucho, mopyapyala kawiri kapena katatu. Mu Januwale ndi Febuluwale chinyezi chimachititsa vanishi wosawala kuyera ngati mwamwaza ufa, ndiye tsiku la mvula lekani, ndipo masiku odikira kuti penti aume akhale awiri. Mwera ukamaomba umabweretsa fumbi limene simunaliitane. Okhala kufupi ndi nyanja, makamaka cha ku Nkhotakota, mukudziwa zimene tizilombo ta nkhungu timachita tikatuluka: kamodzi kokha kakatera pavanishi wosauma ndiye kakhazikika. Vindikirani ndi beseni mukangomaliza. Ndipo musaumitse kasinja padzuwa kapena pawindo, mzinga umapindika.

Penti akakhala kuti akumatabe chala patapita masiku atatu, musapakenso wina pamwamba poganiza kuti abisa. Wa pansiyo sadzauma, adzakwinyika. Chotsani pomwepo ntchito ikadali yochepa. Chimodzimodzi msoko umene waonekera mutapopera pulaima, penti woyamba wa pansi: ukonzeni tsiku lomwelo, chifukwa fumbi ndi penti wothira m'mizere zimaukuza msokowo.

Bwalo loikapo kasinja lisakule kwambiri, masentimita 30 kwa 20 akwanira. Thabwa lipakidwe vanishi mbali zonse, ndi kunsi komwe, apo ayi limamwa madzi a guluu n'kupindika, ndiponso chiswe chimayambira kunsi kumene simuyang'ana. Mukaona timizere ta dothi m'mphepete, chotsani kasinja ndi asilikali tsiku lomwelo. Zitunda muumbe ndi chipepala choyera chofewa chija cholongedzera mafiriji, koma chimatidwe ndi guluu woyera yekha, pakuti penti wopopera ndi guluu wa nsapato amachidya. Phala la ufa lisalowepo, ndi chakudya cha mphemvu. Udzu ndi khonje wodulidwa n'kupentedwa: tsekera wa mamita awiri ndi masentimita 6 okha.

Ndipo kasinja wa matani 36 sayandama pamwamba pa dothi ngati bwato. Dothi la pabwalo likadali lofewa, yalani kapulasitiki kopyapyala, mukanikizepo kasinjayo mpaka tcheni ilowe mamilimita awiri kapena atatu, mubwereze kumbuyo kwake kuti mapazi a tcheni aoneke kumene wachokera, kenako muchotseni. Likauma mum'bwezere m'mapazi omwewo, n'kutseka timipata totsala ndi dothi lomwe lija munapaka kumawilo.