Ka "ide" kakumapeto kwa dzina kamakuuzani zili mkati

Ndaphunzitsa chemistry ku sekondale zaka zambiri ndithu, ndipo chaka chilichonse pamapezeka mwana wofunsa kuti aphunzitsi, nchifukwa chani maina ambiri amathera ndi "ide"? Sabata yatha wina anachita kuwonjezera kuti kodi ndi yomweyija IDE achimwene ake amaitchula akakhala pa kompyuta, nde ndati bwanji ndingolemba tonse timve.

Ya kompyutayo njachidule. IDE ya zilembo zazikulu imaimira Integrated Development Environment, pulogalamu yomwe anthu olemba ma code amagwiriramo ntchito, monga Eclipse kapena Visual Studio. Okonza makompyuta akalekale amadziwanso ina, Integrated Drive Electronics, chingwe chija chophwatalala ngati lamba cha mapini 40 cholumikizira hard disk, chinabwera cha mma 1986 kenako chingwe chatsopano cha SATA nkuchilanda malo. Ubale ndi chemistry palibe olo pang'ono.

Ka "ide" kathuka kanachokera ku France mu 1787, pomwe Lavoisier, Guyton de Morveau ndi anzawo anati maina a makemikolo azinena okha zomwe zili mkati, ndipo mawu oti oxide ndi omwe anatsegula njira. Nthawi zambiri kamatanthauza kuti ma element awiri, zinthu zoyambirira monga sodium ndi chlorine, agwirana, ndipo wotchulidwa kumapetoyo ndi amene wakokera kwa iye ma electron, tizidutswa ting'onoting'ono tamagetsi tomwe timapezeka mu element iliyonse. Mchere wapandiwo ndi sodium chloride. Chlorine payekha ndi mpweya wakupha, koma akangolandira electron imodzi kuchokera kwa sodium wasanduka chloride, timanyambita pachala tsiku ndi tsiku. Izi ine mpaka lero zimandigometsabe.

Pomwe ndimalimbikira kwambiri mkalasi ndi pa kusiyana kwa "ide", "ite" ndi "ate", chifukwa ana amaona ngati ndi spelling chabe. Ayi ndithu. Sulfide alibe oxygen, sulfite ali nawo atatu, sulfate anayi. Hydrogen sulfide ndi fungo lija la dzira lowola, pomwe magnesium sulfate ndi mankhwala omwe anamwino amabaya mayi woyembekezera akayamba kukomoka ndi BP. Alipo ochepa osamvera lamulo lija la ma element awiri, monga sodium hydroxide yemwe ali ndi atatu, ndi cyanide, poizoni yemwe amatuluka mu chinangwa chowawa, nchifukwa chake amayi amayamba achiviika masiku angapo asanasinje ufa wa kondowole.

Pesticide ndi herbicide musaziike mgululi, izo zimathera ndi "cide" wa Chilatini wotanthauza kupha.

Koma pali ma "ide" awiri omwe ndikupempha abale anga muwadziwe ngakhale sukulu munasiya kalekale. Carbon monoxide ali ndi oxygen mmodzi, carbon dioxide awiri, ndipo wa mmodziyo ndi amene amatuluka pa mbaula makala akamayaka mpweya uli wochepa, alibe fungo alibe mtundu, amakanirira mmagazi pamalo pa oxygen, munthu amangomva mutu ndi tulo basi osadzukanso. Kukazizira mu June ndi July mbaula isagone mnyumba yotseka. Winayo ndi aluminium phosphide, mapilitsi aja otuwa ophera anankafumbwe mu chimanga. Akangokhudzana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wa phosphine womwe umapha munthu ngati mmene umaphera tizilombo, nde thumba lothira mapilitsiwa lisakhale kuchipinda komwe ana amagona.