Khomo la Olimpiki linamutsegukira Serap Özçelik kamodzi kokha

Pa 5 Ogasiti 2021, m'holo ya Nippon Budokan ku Tokyo munalibe anthu oonerera chifukwa cha mliri wa Covid-19. Mipando inali yokhayokha. Tsiku limenelo n'limene karate inaseweredwa koyamba pa masewera a Olimpiki, ndipo mmodzi mwa amayi amene anaponda pabwalo anali Serap Özçelik Arapoğlu wa ku Turkey, ali ndi zaka 33.

Mayiyu anabadwira ku Istanbul mu 1988. Mbali yake ndi ya kumite, imene anthu awiri amalimbana maso ndi maso, ndipo gulu lake linali la osapitirira makilogalamu 50, gulu la ang'onoang'ono thupi. Amene sanaonerepo angaganize kuti n'kuphana. Ayi ndithu. Chibakera chofika bwino chimapatsa pointi imodzi, theche la pamimba kapena kumsana mapointi awiri, theche la kumutu atatu, koma phazi likafika pankhope ya mnzako liyenera kungokhudza n'kubwerera. Ukamenya mopitiriza muyezo, woimbira amakulanga iweyo. Ndi masewera a liwiro ndi diso lakuthwa, ndipo apa m'pamene Serap ankaposera anzake.

Anatenga golide wa ku Ulaya mu 2011 ku Zürich, n'kubwerezanso chaka chotsatira. Mu 2014 ku Bremen, m'dziko la Germany, anakhala katswiri wa dziko lonse. Mu 2015 anapambananso pa masewera a European Games ku Baku. Zaka zimenezo zikanakhala ndi karate pa Olimpiki, ine ndikuona kuti mendulo sikanamuphonya.

Nanga chinkaletsa n'chiyani? Judo inalowa kale mu 1964, ndipo Budokan yomweyo anaimangira masewera amenewo. Taekwondo inalowa mu 2000. Karate, imene inayambira pa chilumba cha Okinawa, inachedwetsedwa ndi kusamvana kwa eni ake: masitayilo ambirimbiri, mabungwe angapo, aliyense ndi malamulo ake. Komiti ya Olimpiki ya IOC inadzavomereza bungwe la karate la dziko lonse la World Karate Federation (WKF) mu 1999, koma kuvomerezedwa si kulowa. Mu 2005 mavoti sanakwane. Mu 2009 malo anapita kwa gofu ndi rugby. Mu 2013 inakanikanso. Mwayi unabwera mu Ogasiti 2016, pamene mzinda wochititsa masewera unaloledwa kuwonjezera masewera a kumtima kwake, ndipo a ku Japan sakanasiya karate panja.

Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Komatu nkhonoyi inatulutsa maso mochedwa, ndiponso mwa theka. Pa mipikisano ya WKF amayi amagawidwa m'magulu asanu potengera kulemera kwa thupi. Ku Tokyo anawapanikiza m'magulu atatu okha, ndipo gulu la makilogalamu 50 linamezedwa ndi la 55. Makilogalamu asanu amaoneka ochepa pa sikelo, koma pabwalo amatanthauza mnzako wamtali, wa miyendo imene ikufikira iwe usanamufikire. Onjezani apo chaka chathunthu chimene mliri unawononga. Kwa wosewera wa zaka 20 chaka si kanthu. Kwa wa zaka 32 n'chuma.

Sikuti anali atatha mphamvu. Mu 2018 ku Madrid anafika ndime yomaliza ya mpikisano wa dziko lonse, n'kugonja kwa Miho Miyahara wa ku Japan. Miyezi yochepa asanapite ku Tokyo anatenganso golide wa ku Ulaya ku Poreč, m'dziko la Croatia. Koma ku Budokan zinthu sizinamuyendere, anatuluka m'ndime yoyambirira. Golide anapita kwa Ivet Goranova wa ku Bulgaria. Bettina Plank wa ku Austria, amene anamugonjetsa Serap pa masewera a European Games ku Minsk mu 2019 ndipo nayenso anachokera m'gulu la makilogalamu 50, anapeza mendulo ya nambala 3, choncho sitinganene kuti kulemera kokha n'kumene kunamugwetsa.

Dziko la Turkey silinabwerere chimanjamanja. Linatenga mendulo zinayi za karate: siliva wa Eray Şamdan, ndi zitatu za nambala 3 za Ali Sofuoğlu, Uğur Aktaş ndi Merve Çoban, yemwe anali mkazi yekhayo pa anayiwo.

Chowawa n'chakuti onsewa ankamenyana akudziwa kale kuti kwa zaka zikubwerazo khomo latsekedwanso. Okonza masewera a ku Paris anali atalengeza mu 2019 kuti karate mulibe mu 2024. M'malo mwake anasankha gule wa breaking, ati pofuna kukopa achinyamata. Akuluakulu a WKF anadandaula kuti akuwatulutsa asanawaone n'komwe akusewera, koma sizinaphule kanthu. Pa mndandanda wa Los Angeles 2028 karate mulibenso.