Mbiri ya mkangano wa chinangwa chowawa

Chilala cha 2024, chomwe chidachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, chidadzutsanso mkangano wakale pakati pa alimi a kuno ku Zomba, makamaka cha ku Domasi ndi ku Malosa. Onse amavomereza kuti chinangwa ndicho chimapulumutsa mudzi chimanga chikapserera, koma sagwirizana ngati munthu azidzala chozuna monga Manyokola, chomwe chimayenda malonda pa Songani, kapena chowawa cha makaka, chomwe ena amachiopa kuti n'chakupha.

Mbewuyi idachokera ku South America, ndipo Apwitikizi ndiwo adaifikitsa ku Africa m'zaka za m'ma 1500. Idabwera ndi chida chake chodzitetezera. M'masamba, m'makoko ndi m'mizu yake muli mankhwala otchedwa linamarin, omwe paokha alibe vuto, chifukwa chomeracho chimawasunga motalikirana ndi china chomwe chimawaphwanya. Nguluwe kapena nungu ikaluma muzu, ziwirizi zimasakanikirana n'kutulutsa poizoni wa cyanide. Chinangwa chilichonse chili nayo linamarin, kungoti chowawa chili nayo yochuluka, ndipo imachulukirachulukira mvula ikavuta. Ndiye kuti mayi akamasinja chigwada mumtondo, kapena akamasenda mizu n'kuiviika m'madzi masiku angapo mpaka itafewa, amakhala akufwamphula msampha umenewu dala, kuti poizoniyo atulukire m'madzi ndi mumphepo asanafike m'mimba.

Mbiri ya chinangwa chowawa idaipa kwambiri mu 1981, m'chigawo cha Nampula ku Mozambique. Chaka chimenecho kudagwa chilala, ndipo anthu oposa 1,000, ambiri mwa iwo amayi ndi ana, adapuwala miyendo mwadzidzidzi, ena atagona bwinobwino n'kudzuka akulephera kuponda pansi. Kumeneko nthendayi ankaitcha mantakassa, koma madokotala, kuphatikizapo Hans Rosling wa ku Sweden ndi Julie Cliff wa ku Australia, adadzaona kuti ndi yomweyo ya konzo, yomwe idalembedwa koyamba ku Congo mu 1938. Zomwe adapeza n'zofunika kuziwerenga mofatsa, chifukwa ambiri amangogwira mutu wa nkhani. Anthu aja adakhala akudya chinangwa chowawa kwa zaka zambiri osapuwala. Chomwe chidasintha n'chakuti mbewu zina zonse zidafota, chilala chidachulukitsa poizoni m'mizu, njala idawakakamiza kudya mizu isanaume mokwanira, ndiponso padalibe nyemba kapena nsomba zothandiza thupi kuchotsa poizoniyo.

Ngakhale zinali choncho, kwa ambiri phunziro lidakhala loti chowawa n'choipa ndipo alimi asinthe mbewu. Mawu a alimi eniake adamveka bwino mu 1998, pamene wofufuza Linley Chiwona-Karltun ndi anzake adafalitsa zomwe adamva kwa alimi a ku Nkhata Bay. Amayi, makamaka osakhala pabanja, adati amasankha chowawa mwadala, popeza wakuba sangachizule n'kudyera pomwepo, anyani amachisiya, ndipo ngakhale achibale sangakololeko mwachisawawa popanda mwini nkhokwe kudziwa. Tiyenera kukumbukira kuti kafukufukuyu adachitikira kwa anthu odya kondowole, osati kuno kumene nsima yathu ndi ya chimanga ndipo msika wa chozuna uli pafupi, motero sitingamusamutse yense monga alili. Komabe aliyense wolima m'mphepete mwa phiri la Zomba, amene adadzukapo m'mamawa n'kupeza mizere itafukulidwa ndi anyani, sangadabwe ndi zomwe amayi aja adanena.

Okonda chozuna ali ndi mfundo zawo zomveka: chimabweretsa ndalama msanga, ana amangochiwiritsa n'kumwera tiyi, ndipo kuwawa sikuteteza mbewu ku matenda a khate. Koma ntchito yoviika ndi kuyanika, yomwe iwo amaiona ngati chintchito, imagwera amayi, ndipo ku Nkhata Bay kuja amayi omwewo ndiwo adasankha chowawa ngakhale chimafuna kuviika.