Pogula kava ya foni, yambani mwayang'ana makona

Mafoni ambiri osweka galasi amene amafika patebulo langa lokonzera amakhala ndi chizindikiro chimodzi: kamalo kophwanyika pakona, ndipo kuchokera pamenepo ming'alu imamwazikana ngati ukonde wa kangaude. Izi zimachitika chifukwa foni ikagwera pakona pa simenti, mphamvu yonse ya kugwako imathera pa kamalo kochepa kwambiri, pamene ikagwa chagada mphamvuyo imagawanika kumsana konse. Choncho ntchito yeniyeni ya kava ili m'makona, ngakhale kuti ogula ambiri amakopeka ndi mtundu ndi maluwa ojambulidwa kumbuyo.

Kava yabwino imakhala yochindikala m'makona onse anayi, komanso mlomo wake umatumphuka pang'ono kupitirira galasi ndi kamera. Musanalipire, ivekeni pafoni yanu, ndipo muigoneke chafufumimba pamalo osalala. Ngati galasi likukhudza pansi, kavayo isiyeni. Makava ofewa a pulasitiki ya TPU kapena a silikoni amameza mphamvu ya kugwa, pamene olimba ndi opyapyala a polycarbonate amateteza ku zokanda koma amapatsira foni mphamvu yambiri ya kugwako, n'chifukwa chake ine ndimakonda amene aphatikiza zonse ziwiri. Kava yoonekera mkati ikasanduka yachikasu, dziwani kuti ndi dzuwa lomwe lasintha pulasitikiyo, ndipo sopo sangaiyeretsenso.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kava yosakwana bwino. Wogulitsa akasowa ya foni yanu, kaya ndi Tecno, itel kapena Samsung, amatha kukupatsani ya foni ina yofananako, n'kunena kuti ikwana. Kava yokhwepa imavuka foni ikamagwa, komanso imalowetsa fumbi ndi mchenga. Tsiku lina ndinavula kava pafoni ya mayi wina wogulitsa ndiwo zamasamba, amene ankaisamala kwambiri, ndipo ndinapeza kumsana kwa foniyo kuli timabala tosawerengeka ngati yapalidwa ndi sandipepa. Mchenga umakhala ndi mwala wa quartz, womwe pa muyezo wa kulimba kwa miyala wotchedwa Mohs uli pa 7, kutanthauza kuti ndi wolimba kuposa galasi, ngakhale galasi lolimba la mafoni lotchedwa Gorilla Glass lopangidwa ndi kampani ya Corning. Musanyengekenso ndi mawu akuti 9H olembedwa papaketi ya galasi lomata pamwamba, pakuti nambalayo ndi ya muyezo wa kulimba kwa pensulo, osati wa Mohs, ndipo mchenga umalikanda ndithu. Ndi bwino kuvula kava kamodzi pa sabata, n'kupukuta mkati mwake ndi kansalu kofewa.

Pali nkhani inanso ya kutentha. Batire la lithium-ion silifuna kutentha, ndipo kampani ya Apple imachenjeza kuti kutentha kopitirira madigiri 35 a Celsius kukhoza kuchepetseratu mphamvu ya batire. Kava yochindikala imasunga kutentha monga bulangete, makamaka foni ikamatchajidwa masana a mu Okutobala, ndipo amene amabisa ndalama zamapepala ndi ziphaso mkati mwa kava amawonjezera vutolo. Mukamva kuti foni yatentha potchaja, ivuleni kava ndi kuiika pamthunzi. Ndipo mukaona kava ikutukuka yokha kumsana, pitani ndi foniyo kwa okonza tsiku lomwelo, chifukwa kawirikawiri chimakhala chizindikiro chakuti batire lafufuma.