Amphaka asanu omwe anasokoneza chilumba cha Marion

Chilumba cha Marion ndi cha dziko la South Africa, koma chili kutali, pafupifupi makilomita 1,800 kummwera chakummawa kwa mzinda wa Gqeberha (kale Port Elizabeth). Chinapangidwa ndi chiphalaphala cha pansi pa nyanja, ndipo phiri lake linaphulikanso mu 1980. Kulibe mtengo ndi umodzi womwe. Ndi udzu, ndere, madambo ndi mphepo yosaleka.

South Africa italanda chilumbachi kumapeto kwa 1947, inamangapo malo oyezera nyengo. Ogwira ntchito anapeza mbewa zili kale, zomwe zinatsika m'zombo za alenje a nyama za m'nyanja zotchedwa seal m'zaka za m'ma 1800. Zitawasowetsa mtendere m'nkhokwe ya zakudya, mu 1949 anabweretsa amphaka asanu.

Mphaka si wopusa. Angavutikirenji ndi kambewa pomwe mbalame za m'nyanja zotchedwa petrel zimaikira mazira m'mauna ndipo sizidziwa kuthawa? Pofika 1977 amphaka anali ngati 3,400, akupha mbalame pafupifupi 450,000 pachaka. Chaka chomwecho akatswiri anawapatsira dala matenda opha amphaka otchedwa panleukopenia. Ambiri anafa, koma otsalawo anapitiriza kuswana, mpaka panafunika alenje owombera usiku ndi nyali, misampha komanso poizoni. Mphaka womaliza anaphedwa mu 1991.

Mbewa zija zinatsala. Nyengo yakhala ikufunda ndi kuuma, kotero chisanu sichikuzipha monga kale. Zitachepetsa tizilombo ta m'nthaka, zinatembenukira kwa anapiye a mbalame zikuluzikulu za m'nyanja zotchedwa albatross, zomwe zinaoneka koyamba mu 2003. Zimakwera mwanapiye usiku n'kumamudya pamutu ali moyo, iye ali phee pachisa, poti mtundu wake sunakumanepo ndi mdani wotere. Albatross yaikulu, ya mapiko opitirira mamita atatu, imaikira dzira limodzi pa zaka ziwiri, choncho mwanapiye mmodzi akafa ndi chitayiko chachikulu.

Ntchito yothetsa mbewa pachilumbachi ya Mouse-Free Marion, ya boma la South Africa ndi bungwe loteteza mbalame la BirdLife South Africa, ikufuna kumwaza nyambo ya poizoni ndi helikopita pa mahekitala pafupifupi 30,000. Ayenera kumwaza m'nyengo yozizira, mbewa zili ndi njala ndipo sizikuswana. Mizere ya helikopita iyenera kulowana, osasiya mpata ngakhale m'maphompho, chifukwa mbewa yaikazi imodzi ya bere ikapulumuka ndalama zonse zalowa m'madzi. Chilumba choyandikana nacho cha Prince Edward chilibe mbewa, ndipo ndicho akatswiri amayerekezera nacho akafuna kudziwa zomwe Marion yataya.